Mmene mungapezere thandizo ku mabungwe a kemisitiri akunja mukangoyamba kafukufuku

Chaka ndi chaka mabungwe a akatswiri a kemisitiri a m'mayiko osiyanasiyana amaika padera ndalama, malo a pamisonkhano ndi maphunziro a makina, zoti zithandize amene angoyamba kumene kafukufuku: ophunzira a masters ndi PhD, komanso aphunzitsi a payunivesite amene digiri yawo yomaliza ikadali yatsopano. Wa ku Zomba, ku Bunda, ku Thyolo kapena ku Kitwe akhoza kupempha chimodzimodzi ndi wa ku Nairobi kapena ku Accra. Chomvetsa chisoni n'choti pempho limatha kugwa sayansi yake isanawerengedwe n'komwe. Kalata ya mkulu wa dipatimenti yachedwa, pasipoti yatsala ndi miyezi iwiri, kapena wopemphayo wagogoda pakhomo lolakwika. Tiyambire pa makomowo.

Khomo ili ndi la yani

Mabungwewa ali mitundu itatu. Pali a dziko limodzi, amene munthu amalowa payekha n'kumalipira chaka chilichonse: Royal Society of Chemistry ya ku Britain, American Chemical Society imene inayamba mu 1876, Gesellschaft Deutscher Chemiker ya ku Germany, ndi South African Chemical Institute ya mu 1912. Awiri oyambawo amalandira mamembala ochokera kulikonse. Pamwamba pa amenewa pali mabungwe a mabungwe, monga IUPAC, bungwe la kemisitiri la dziko lonse, imene inayamba mu 1919, Federation of African Societies of Chemistry imene inakhazikitsidwa ku Addis Ababa mu 2006, ndi Commonwealth Chemistry ya mu 2020. Mtundu wachitatu ndi magulu a achinyamata okhaokha, monga International Younger Chemists Network imene inatsegulidwa pa msonkhano wa IUPAC ku São Paulo mu 2017. Kumeneko mumangolembetsa pa intaneti.

Anthu amasokonezeka ndi mtundu wachiwiriwo, chifukwa mamembala ake enieni ndi mabungwe, osati anthu. Commonwealth Chemistry ikakonza msonkhano wake waukulu, ngati wa ku Trinidad and Tobago mu 2023 ndi wa ku Stellenbosch mu 2025, malo a achinyamata olipiriridwa ulendo amadzera ku bungwe la kemisitiri la dziko lililonse, ndipo ilo ndi limene limatumiza mayina. Mukalembera ku likulu mwachindunji adzakuyankhani mwaulemu, n'kukubwezani kwanu. Ndiye funsani mkulu wa dipatimenti yanu kuti mlembi wa bungwe la dziko lanu ndi ndani, lipirani umembala, sungani lisiti lake, ndipo pemphani kuti akuikeni pa gulu lawo la WhatsApp kapena la imelo. Ngati bungwelo linagona, musaliseke. Dziperekeni kukhala woimira achinyamata, chifukwa uthenga wochokera kunja umafikira amene dzina lake lili pa mndandanda wa atsogoleri, ndipo ukasowa woutsegula malo a dziko lanu amapita opanda munthu.

Malawi, Zambia ndi Mozambique ali mu Commonwealth. Zimbabwe inatuluka mu 2003, choncho amene ali ku Harare alimbike kwambiri ku makomo enawo. Amene mukuphunzira ku Johannesburg kapena ku Manchester, werengetsani ngati thandizolo likuyang'ana dziko lanu lobadwira kapena dziko limene mukugwirira ntchito. Ziwirizi zimasiyana, ndipo thandizo lina ndi la okhawo amene labotale yawo ili m'dziko losauka, kaya pasipoti yawo ndi ya kuti.

Mawu oti wongoyamba kumene nawonso satanthauza chimodzi. Magulu a achinyamata amakonda malire a zaka 35. Thandizo la Green Chemistry for Life, limene UNESCO ndi IUPAC amayendetsa pamodzi ndi kampani ya feteleza ya PhosAgro, limafika madola 30,000 ndipo limalandira amene ali ndi PhD ndipo sanapitirire zaka 39. Ena sawerenga zaka zobadwa, amawerenga zaka zimene zapita chitengereni PhD. Ngati munaima chifukwa cha uchembere, matenda kapena kusamalira wodwala, lembani pa fomu miyezi yake yeniyeni. Mabungwe ambiri amachotsera nthawi imeneyo, koma sangachotsere zimene simunawauze.

Mapepala akhale okonzeka kale

Chilengezo chimatha kukupezani patatsala masabata awiri okha. Nthawi imeneyo siyokwana kuyamba kufunafuna satifiketi. Tsegulani foda pa kompyuta, ndi ina pa intaneti kuopa kompyuta kubedwa, muikemo izi: CV ya masamba awiri yoyamba ndi kafukufuku wanu, osati sukulu ya pulayimale, masatifiketi ojambulidwa bwino mu PDF, iliyonse yosapitirira megabaiti imodzi kapena ziwiri, chifukwa mafomu ambiri amakana mafailo olemera, tsamba la chithunzi la pasipoti, ndi ndime ya mawu 150 yofotokoza zimene mumafufuza. Tengani nambala ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza aliyense, ndi yaulere ndipo ili ndi manambala 16. Dzina lanu lilembedwe mofanana paliponse. Amene pa satifiketi ndi Chimwemwe, pa pepala la sayansi ndi C.J., pa pasipoti dzina la bambo lili patsogolo, amadzavutika pa viza ndi ku banki. Ngati yunivesite inakupatsani imelo yake, gwiritsani imeneyo popempha.

Okuchitirani umboni apatseni masabata atatu. Atumizireni chilengezocho, CV yanu ndi mfundo zitatu zimene mukufuna atchule. Kalata yonena kuti ndinu wakhama ndi waulemu siithandiza. Yothandiza ndi yonena kuti munakonza nokha njira yoyezera, kapena kuti munaphunzitsa ophunzira a chaka chachinayi kugwiritsa makina akutiakuti. Mafomu ena amatumiza linki kwa wochitira umboniyo, ndipo imeloyo imakonda kugwera mu spam. Muimbireni foni muonetsetse kuti waiona.

Nthawi yotsekera ndi ya kwawoko. Ikalembedwa 17:00 ya ku London, kwathu kuno ndi 7 koloko madzulo m'nyengo yawo yozizira, ndi 6 koloko kuchokera kumapeto kwa Malichi kufika kumapeto kwa Okutobala. Tumizani kutatsala masiku awiri. Magetsi ndi netiweki sizidziwa kuti lero ndi tsiku lomaliza.

Zaulere zimene zimakudziwitsani kwa anthu

Osankha amayamba kufufuza dzina lanu pa intaneti, ndipo ndi bwino apezepo ntchito. ChemRxiv, imene inatsegulidwa mu 2017, ndi ya mabungwe asanu pamodzi: a ku America, Britain, Germany, China ndi Japan. Mumaikapo pepala lanu lisanatuluke m'magazini ya sayansi, osalipira kanthu, ndipo limalandira nambala ya DOI, yolipezera pa intaneti, imene mungalembe pa CV. Musanaike, olemba anzanu onse avomere, ndipo ngati pali ganizo lodzatenga patenti, dikirani kaye, chifukwa chimene chaikidwa poyera sichibwezeka.

Mwezi wa Malichi Royal Society of Chemistry imachititsa #RSCPoster, msonkhano wa maola 24 wa pa intaneti woonetsa maposita a kafukufuku, umene unayamba pa Twitter mu 2015 n'kusamukira pa LinkedIn mu 2024. Ulibe malipiro, ulibe viza. Anthu ambiri adzaona posita yanu pa foni, choncho chepetsani mawu, kulitsani chithunzi chimodzi cha zotsatira, ndipo khalani pafupi kuyankha mafunso. Mu Febuluwale kuli Global Women's Breakfast ya IUPAC, kukumana pa kadzutsa kolimbikitsa amayi a sayansi. Dipatimenti iliyonse ikhoza kulembetsa yake, ngakhale ikhale ya tiyi ndi mandasi m'kalasi, ndipo imaoneka pa mapu a dziko lonse.

Zowerenga, pitani kwa woyang'anira laibulale mufunse za Research4Life, pulogalamu yopatsa mayiko osauka mwayi wowerenga magazini a sayansi. Amalembetsa ndi yunivesite, osati munthu, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko osalipira. Kukhala m'gulu limenelo kumathandizanso kuti ofalitsa ambiri akuchotsereni ndalama zotulutsira pepala, koma pemphani potumiza pepalalo, osati atalilandira kale. Magazini ena salipiritsa wolemba aliyense, monga ACS Central Science ndi Beilstein Journal of Organic Chemistry, ngakhale kuti oyambawo amasankha mwankhanza.

Thandizo la ulendo wa kumsonkhano

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Zinthu zitatu zimayenda nthawi imodzi, chilichonse ndi tsiku lake lotsekera: chidule cha kafukufuku, chimene pa fomu amati abstract, pempho la ndalama, ndi viza. Yambani kuwerengera chammbuyo kuchokera tsiku la msonkhano, ndipo dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi. Onaninso ngati akufuna kuti mukhale mutakhala membala kwa nthawi. Kulowa lero n'kupempha mawa sikuloledwa kwina.

Chidule chimakhala cha mawu 200 mpaka 300, ndipo cholakwika chachikulu ndi kuthera theka lake pofotokoza kuti madzi ndi moyo. Osankha akudziwa. Ngati munayeza fluoride m'zitsime, nenani boma lake, zitsime zingati, nyengo ya mvula kapena yachilimwe, njira yoyezera, ndi zingati zinapitirira 1.5 mg/L imene World Health Organization imaika. Chidule chonena kuti zotsatira zidzafotokozedwa pamsonkhano chimaoneka ngati ntchito isanachitike. Pa funso loti n'chifukwa chiyani mukufuna kupita, tchulani anthu awiri kapena atatu amene ali pa pulogalamu ya msonkhanowo ndi chimene mukufuna kwa iwo.

Bajeti ilembedwe m'ndalama ya opereka thandizo, madola, mapaundi kapena mayuro, ndipo lembani mtengo wosinthira ndi tsiku lake. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi bajeti ya m'makwacha anatsala ndi ndalama zosakwana tikiti. Musaiwale tinthu tating'onoting'ono, chifukwa tikaphatikizana timakula: basi yopita ku Chileka kapena ku Lumbadzi, ulendo wokapereka mapepala a viza, inshuwalansi, kusindikiza posita, sitima yochokera pabwalo la ndege. Mtengo wa tikiti ukhale ndi umboni wa PDF. Musakweze mitengo poganiza kuti adzadula, osankha amadziwa mtengo wa hotelo ya mumzinda wawo. Thandizo likakhala lochepa kuposa ulendo wonse, lembani kumene zotsalazo zidzachokere.

Funso limene ambiri amachita nalo manyazi ndi ili: kodi ndalamazo zimabwera ulendo usanachitike kapena pambuyo? Mabungwe ambiri amabweza mukabwerako, mutatumiza malisiti. Safunsa anadya phula. Lemberani okonza msonkhano muwauze poyera kuti simungathe kugula tikiti ndi ndalama zanu, ndipo pemphani kuti agule okha kapena alipire hotelo mwachindunji. Akakana, tengani kalata yawo yolonjeza ndalama mupite nayo ku ofesi ya zachuma ya yunivesite mukapemphe ngongole yoti idzabwezedwe. Pa fomu ya banki adzafunsa IBAN, nambala ya akaunti yolandirira ndalama zakunja; mabanki a ku Malawi alibe, choncho perekani nambala ya akaunti, SWIFT ya banki, dzina la nthambi ndi adiresi yake. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa pasipoti. Ndalama zimadutsa m'mabanki apakati amene amadulako, ndiye zofika zimachepa pang'ono.

Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo yankho limayenera kutenga masiku 15 koma limatha kufika 45. Imafuna inshuwalansi ya chipatala ya mayuro 30,000, ndi pasipoti yokhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka m'mayikowo. Ya ku Britain mumapempha kutatsala miyezi itatu, yankho limatenga pafupifupi masabata atatu. Chimachedwetsa kwambiri ndi kupeza tsiku lokapereka mapepala, choncho lisungitseni mukangomva kuti chidule chalandiridwa. Kalata yokuitanani ikhale ndi dzina lanu lonse, masiku a msonkhano, ndi zimene iwo alipire, chimodzi ndi chimodzi. Kalata ya abwana anu inene kuti mwapatsidwa tchuthi ndipo ntchito kapena maphunziro akukudikirani, pakuti chimene a viza amaopa ndi choti simudzabwerera. Ndege zathu zimadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Ngati mwakhala maola oposa 12 ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, mayiko ena, kuphatikizapo South Africa, amafuna khadi lachikasu la katemera wa yellow fever.

Chenjeraninso ndi misonkhano yabodza. Imelo yokutamandani, yokuitanani kukakamba pa mutu umene si wanu, n'kukuuzani kuti mulipire hotelo kwa munthu wina, ndi msampha. Msonkhano weniweni umapezeka pa webusaiti ya bungwe limene akulitchulalo.

Posita ya A0 ndi mamilimita 841 ndi 1189. Funsani ngati mabolodi awo ndi oimirira kapena ogona. Yosindikiza pa nsalu imapindika m'chikwama, pamene ya pepala imafuna chubu chimene chimaiwalika m'ndege. Zilembo zisachepere saizi 24 ya pa kompyuta, kuti munthu aziwerenga ataima mita imodzi ndi theka. Mukabwerako, lemberani amene munakumana nawo sabata isanathe, ndi pempho lodziwika, monga kuyezeredwa masampulo asanu ndi limodzi. Sungani boarding pass ndi lisiti lililonse, ndipo lipoti lipite nthawi imene analemba m'kalata isanakwane. Amene sanatumize lipoti amatsekera khomo ngakhale anzake a dipatimenti yomweyo.

Maphunziro a makina, ndi makina amphatso

Pan Africa Chemistry Network, imene Royal Society of Chemistry inayambitsa mu 2007, yakhala ikuphunzitsa GC-MS, makina olekanitsa ndi kuzindikira makemikolo, ku Kenya, Ethiopia, Ghana ndi Nigeria. OPCW ya ku The Hague, bungwe loletsa zida za makemikolo, nayo imaphunzitsa kuyeza makemikolo, ndipo maphunziro ena a anthu a mu Africa amachitikira ku Protechnik Laboratories ku Pretoria. Pempho la ku OPCW limadzera ku ofesi ya boma imene imayang'anira pangano loletsa zida za makemikolo m'dziko lanu, ndiye onjezerani masabata oti pepala liyende m'maofesi. Osankha amafuna kudziwa makina amene mudzagwire mukabwerako. Ngati dipatimenti yanu ilibe, pezani kalata ya labotale ina yapafupi yovomera kuti muzidzagwiritsa awo, ndipo nenani anthu angati amene mudzawaphunzitse.

Makina amphatso amabwera kudzera ku bungwe la Seeding Labs la ku Boston, ku OPCW, kapena kwa mnzanu wakunja amene labotale yake yagula atsopano. Koma walira mvula walira matope. Makina ochokera ku America amakhala a mavoti 110 mpaka 120 pa 60 Hz, pamene magetsi athu ndi 230 pa 50 Hz. Funsani chizindikiro cha kumbuyo kwake asanawapakire. GC-MS imafuna gasi wa helium woyera kufika 99.999 peresenti, chipinda chozizira chopanda fumbi, ndi magetsi osadukiza. Magetsi akazima mwadzidzidzi mpweya umalowa mkati, pamafunika maola angapo kuti makina akhazikikenso, ndipo zikamachitika kawirikawiri pampu ndi filamenti zimafa. UPS (batire yosunga magetsi) yamphamvu ndi jenereta ziyambe zafika makinawo asanafike. Funsaninso ngati akubwera ndi kompyuta yake ndi layisensi ya pulogalamu yake, chifukwa makina akale sagwira ndi Windows yatsopano, komanso ngati zipangizo zosinthira zikupangidwabe. Kalata yopempha kuti MRA ichotse msonkho iyambe kuyenda katundu asananyamuke, apo ayi ndalama zosungira katundu zimakwera tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, dipatimenti yopanda ndalama za gasi imapindula kwambiri ndi UV-Vis, sikelo yabwino, pH mita ndi rotary evaporator kusiyana ndi makina aakulu ofunditsidwa nsalu pakona.

Kutumiza masampulo kwa anzanu akunja

Nthawi zambiri chotheka ndi choti makina akhale kwawo, masampulo anu apite. Ngati ndi zochokera ku zomera, nthaka kapena tizilombo ta kwathu, pangano la Nagoya la mu 2010 lokhudza kugawana phindu la zamoyo zachilengedwe, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, limafuna chilolezo cha dziko lanu. Ku Malawi yambirani ku ofesi ya kafukufuku ya yunivesite yanu, imene idzakulozereni ku National Commission for Science and Technology ndi ku Environmental Affairs Department. Pakhalenso mgwirizano wolembedwa pakati pa mayunivesite awiriwo, wonena zimene masampulowo adzagwiritsidwe ntchito ndi zimene sadzagwiritsidwa. Mayunivesite a ku Ulaya amakana phukusi lopanda mapepala amenewa, chifukwa lamulo lawo limawagwira iwonso.

Tumizani zouma. Methanol, ethanol ndi hexane zimayaka, ndipo makampani a ndege amaziika m'gulu la katundu woopsa. Phukusi likhoza kugwidwa kapena kutayidwa. Uumitsani, ikani m'timabotolo ta galasi totseka bwino, lembani kulemera kwake ndi chimene chimasungunula. Pa NMR, njira yoonera kapangidwe ka mamolekyu, proton NMR imakwana ndi mamiligalamu 5 mpaka 10 a chinthu choyeretsedwa bwino, carbon NMR imafuna 20 kapena kuposa. Madzi oyezera zitsulo amaikidwa m'mabotolo a pulasitiki otsukidwa ndi asidi, n'kuthiramo nitric acid mpaka pH itsike pansi pa 2. Oyezera fluoride asathiridwe asidi ndipo asasungidwe m'galasi. Inki ya maka imafufutika ikakhudzana ndi mankhwala osungunulira, ndiye lembani ndi pensulo pa kapepala n'kumata tepi pamwamba. Theka la sampulo iliyonse litsale kwanu.

Phukusi lisananyamuke, gwirizanani pa imelo za mayina a pa pepala lodzatuluka: woyamba ndani, wolemberana ndi magazini ndani, ndipo ophunzira amene anakatola masampulo adzalembedwa pati. Nkhani imeneyi imavuta kuiyamba zotsatira zikatuluka zabwino. Pemphaninso kuti adzakutumizireni mafailo enieni ochokera m'makina, monga FID ya NMR, osati zithunzi zokha, kuti mudzathe kuwatsegula nokha, kuwaonanso ndi ophunzira anu, ndi kuyankha mafunso a owunika pepala popanda kudikira munthu amene ali pa tchuthi ku Ulaya.